KUIKA SHAWA PA BAFA LOIMA PALOKHA

Pa ntchito yanga yoyendera makomo ndimafika kawirikawiri chakumadzulo, nthawi imene amayi ali kusambitsa ana. Zimene ndimapeza zimafanana pafupifupi khomo lililonse. Madzi amathiridwa kamodzi kokha m'bafa kapena m'beseni lalikulu, ndipo ana amalowamo motsatizana. Amene watandala ku bwalo la mpira asiyamo fumbi lake, wa zilonda m'miyendo asiyamo mafinya ake, wotsekula m'mimba nayenso asiyamo zake. Pofika mwana wotsiriza madzi aja amakhala atasanduka ngati a m'chithaphwi, ndipo ndi omwewo amene mayi amatapa ndi dzanja kusukusula nawo nkhope ya mwanayo. Sindinena izi pofuna kudzudzula munthu ayi. M'tauni madzi ndi odula, kumudzi ali kutali, ndipo nkhuni kapena makala otenthetsera sizipezeka chisawawa. Mayi amene amasambitsa ana anayi m'madzi amodzi amatero pofuna kusunga.

Komatu ilipo njira ina yosungira madzi imene sibweza litsiro pa thupi la mwana. Madzi ogwa kuchokera pamwamba amakokolola litsiro napita nalo. Madzi okhala m'chiwiya amalisunga nalibwezera pa khungu la amene walowamo. Nkhani yonse ya shawa yagona pamenepa.

Tiyambe tamvana pa mawu. Tikati bafa timanena zinthu ziwiri: malo osambirako, ndiponso chiwiya chachitali chija chooneka ngati bwato chimene munthu amakhalamo posamba. M'nkhani ino tikunena chiwiyacho, makamaka chija choima pachokha, chosamatidwa ku khoma. Ena mwa mabafa otere ali ndi miyendo inayi, ena amakhazikidwa pa njerwa. Amapezeka m'nyumba zakale za boma, za mishoni ndi za m'maesiteti, ndipo mabanja ena amagula akale kwa ogulitsa zitsulo nakawaika m'kanyumba kosambira kuseri kwa nyumba. Atsopano, opangidwa ndi pulasitiki wolimba, aliponso m'masitolo a m'mizinda. Shawa ndiyo kamutu ka timabowo tambiri kamene kamagwetsa madzi ngati mvula. Mabafa ambiri oima paokha anabwera opanda kamutu kameneka, koma n'kotheka kukaikapo popanda kugumula khoma.

Phindu lake n'lotani?

Munthu wamkulu akamasamba m'bafa amathira madzi pafupifupi malita 80, ndiye kuti ndowa zinayi za malita 20. Shawa wamba imatulutsa malita 8 mpaka 10 pa mphindi imodzi. Mayi akanyowetsa mwana, natseka mpopi, nam'paka sopo thupi lonse, ndi kutsegulanso kuti am'tsukuluze, malita 10 amakwana. Chotero ana anayi angathe kusamba ndi malita 40, aliyense ndi madzi akeake oyera. Koma ndiyenera kunena zoona zonse. Bambo a m'nyumba akaima pansi pa shawa mphindi khumi, uku akuimba nyimbo, amatha madzi ofanana ndi a bafa kapena kuposerapo. Shawa sisunga madzi yokha. Amasunga ndi dzanja limene limatseka mpopi.

Phindu lalikulu lili pa khungu ndi pa maso. M'mwezi wa Seputembala 2022 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza kuti dziko la Malawi lathana ndi nthenda ya maso ya trachoma monga vuto la anthu ambiri, ndipo linali loyamba kutero kum'mwera kwa Africa. Nthendayi imayenda kuchoka kwa mwana wina kupita kwa mnzake kudzera m'manthongo ndi mamina, pa zala, pa nsalu, ndi pa ntchentche zotera kumaso. China mwa zida zimene zinaigonjetsa ndicho kusukusula nkhope za ana ndi madzi oyera. Chizolowezi chimenechi sitiyenera kuchitaya.

Za mphere ndichenjeze, pakuti amayi ena amaganiza kuti kusamba kokha kungazithetse. Mphere zimadza ndi kachirombo kosaoneka bwino ndi maso kamene kamaboola khungu naikira mazira m'menemo, ndipo kamafala pogona pamodzi ndi pofunda bulangete limodzi. Zimatha ndi mankhwala a kuchipatala, ndipo banja lonse liyenera kulandira mankhwalawo nthawi imodzi. Chimene madzi oyenda ndi sopo amachita ndi kuteteza kuti pokanda paja pasasanduke zilonda za mafinya.

Musanagule kanthu

Yambani mwaona mphamvu ya madzi. Ngati madzi anu amachokera m'thanki ya kudenga, pansi pa thankiyo payenera kukhala pamwamba pa kamutu ka shawa ndi mita imodzi kapena kuposa. Ikachepa pamenepa madzi amangodontha. Njira yoyesera ndi yapafupi. Vekani paipi ya labala ku mpopi wa pa bafa, tsegulani, kwezani mapeto ake kufika pamwamba pa mutu wanu. Madzi akafooka kapena kuleka, musataye ndalama pa shawa yapamwamba. Ya m'manja kapena ya ndowa ndiyo ikuyenerani.

Kenaka gwedezani bafalo. Posamba mokhala pansi bafa logwedera silivuta kwenikweni, koma munthu akaimiriramo nkhani imasintha. Bafa lachitsulo lakale limalemera kuposa makilogalamu 100 lopanda madzi, ndipo mwendo umodzi ukakhala kuti wadyeka ndi dzimbiri, kapena njerwa zapansi sizinamangidwe ndi simenti, lingathe kupendekeka ndi kupsinja phazi la mwana. La pulasitiki vuto lake ndi kupepuka: munthu akatsamira m'mphepete limasuntha, choncho liyenera kumangiriridwa pansi. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, kambiranani ndi eni ake musanaboole khoma kapena kukhudza mapaipi.

Njira zitatu

Yoyamba, imene ine ndimalangiza mayi aliyense wa ana aang'ono, ndi shawa ya m'manja. Kamutu kamakhala kumapeto kwa paipi yofewa imene imapindika. Yotsika mtengo ili ndi timakapu tiwiri ta labala tovekera ku mipopi iwiri, wa madzi otentha ndi wa ozizira. Imagwira ntchito ndithu, koma timakapu timeneti timavuka madzi akabwera ndi mphamvu, ndipo kakavuka ka ku mpopi wozizira mwana amatsala ndi madzi otentha okhaokha. Yabwino koposa ndi kuchotsa mipopi iwiriyo ndi kuikapo mpopi umodzi wosakaniza, wokhala ndi kachogwirira kamene kamatumiza madzi m'bafa kapena ku paipi ya shawa. Iyi ndi ntchito ya mmisiri wa mipopi, ya tsiku limodzi. Ubwino wa shawa ya m'manja ndi wakuti mayi ndiye amalamula kumene madzi apite. Mwana amakhala pansi, madzi amayambira ku mapazi kukwera m'mwamba, ndipo potsukuluza tsitsi mutu umapendekera kumbuyo kuti sopo asalowe m'maso.

Yachiwiri ndi shawa yapamwamba, yothandiza akuluakulu ndi ana a sukulu. Paipi yolimba imaimikidwa kuchokera pa mpopi wosakaniza uja kufika pafupifupi mamita 2 kuchoka pansi, ndipo kamutu kamakhala pamwamba pake. Popeza bafali silinagunde khoma, madzi othovoka amagwera mbali zonse, ngakhale kuseri ndi kunsi kwake kumene chokolopera sichifika. M'menemo mumamera ndere, mumabisala mphemvu, ndipo khoma limayamba kufumbuka m'munsi. N'chifukwa chake pamafunika mkombero wachitsulo wozungulira bafa lonse pamwamba, wokolowekapo makatani a pulasitiki.

Apa ndipo amisiri ofulumira amalakwitsa. Paipi yoimirira ndi mkombero siziyenera kudalira mpopi wokha ayi. Pakhale chitsulo china chozigwiriziza ku khoma, ndi china chimodzi kapena ziwiri zokwera kudenga, zomangidwa pa mtanda weniweni wa thabwa, osati pa siling'i yopyapyala. Mwana wa zaka zitatu akaterereka amagwira chimene chili pafupi, ndipo chimene chili pafupi ndi katani. Mkombero wosalimba umam'gwera pamutu pamodzi ndi paipi yake. Katani imodzi sikwana kuzungulira bafa. Pamafunika awiri kapena atatu, osanjikizana m'mphepete mwake. Alendewere m'kati mwa bafa, osati kunja, kutsika masentimita 15 kapena 20 kuchoka pa mlomo wake. Mukatha kusamba atambasuleni kuti aume, pakuti opindika amachita chuku. Pomaliza yalani mphasa ya labala pansi pa bafa. Mabafa amenewa anapangidwira kukhala, osati kuimirira. Pansi pake ndi pokumbika ndiponso poterera.

Yachitatu ndi ya amene alibe mpopi m'nyumba, ndipo ndiwo ambiri mwa ife. Pezani ndowa yolimba ya malita 10 kapena 15. Mmisiri wa malata kapena wa mipopi aboole pansi pake naikepo kampopi kakang'ono, ndipo kunsi kwa kampopiko muvekeko kamutu ka m'sitolo, kapena ka keni yothirira mbewu ku dimba. Chitini chobooledwa ndi msomali waung'ono chimagwiranso ntchito, malinga muchipale bwino kuti chisacheke, ndi kuchisintha chikayamba dzimbiri. Ndowayo ipachikidwe pa mtanda wokhala pa nsanamira ziwiri zozikika bwino. Kumbukirani kuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Ndowa ya malita 20 yodzaza ndi makilogalamu 20 olendewera pamwamba pa mutu wa mwana wanu. N'chifukwa chake ndati ikhale yocheperapo. Onani chingwe sabata iliyonse, ndipo onani nsanamira ngati chiswe chalowamo. Sakanizani madzi ndowa ili pansi, muwayese, kenaka muikweze, mwana asanafike pamalopo. Pansi pake mungaike bafa lanu, kapena beseni lalikulu limene mwana aimemo, koma madzi a m'beseniwo atayidwe mwana wina asanalowe.

Amayi a m'mbali mwa nyanja ndi m'madambo adziwe ichi: madzi otunga kumene kuli nkhono za likodzo amakhala ndi timphutsi tolowera pa khungu, ndipo kuwathira m'ndowa ya shawa sikutipha. Timafa madziwo akakhala m'chiwiya chovundikira masiku awiri, kapena akawiritsidwa ndi kuziziritsidwa. Kusambitsa mwana pakhomo ndi madzi otere n'kwabwino kutalitali kuposa kum'tengera ku dooko.

Paipi yogona m'madzi akuda

Tsiku lina mayi wina wa m'tauni anandiitana kuti ndikaone mpopi wake wa kukhitchini. Madzi anali atasiya usiku wonse, ndipo pobwera m'mawa anatuluka otuwa, a thovu, onunkha sopo. Iye anaganiza kuti vuto lachokera kutali. Titalowa m'chipinda chosambira tinapeza matewera a khanda atanyikidwa m'bafa, ndipo kamutu ka shawa ya m'manja kali gone pansi pa madziwo, mpopi wake uli wotsegula. Mtsikana wothandiza ntchito anautsegula dzulo lake pofuna kuwonjeza madzi, ndipo poona kuti sakutuluka anangousiya.

Chinachitika n'chiyani? Madzi akasiya, amene atsalira m'mapaipi amatsetserekera kumunsi, ndipo potero amakoka mpweya kudzera pa mpopi uliwonse wotsegula. Mwina munamvapo mpopi ukulira ngati munthu woyamwa nzimbe. Ngati pakamwa pa mpopiwo pali mpweya, palibe choopsa. Koma ngati pakamwa pake pali paipi imene yagona m'madzi akuda, imayamwa madzi akudawo monga mwana amayamwira chakumwa ndi kaudzu. Madzi a matewera amalowa m'mapaipi a nyumba, ndipo nthawi zina amafika ngakhale kwa anansi. Akabwera madzi abwino amakankha oipa aja kutulukira pa mpopi umene mumatungapo madzi akumwa ndi ophikira phala.

Mliri wa kolera umene unayambira m'boma la Machinga m'mwezi wa Marichi 2022 ndi kufalikira m'dziko lonse mpaka chaka cha 2023 unapha anthu oposa 1,700. Unatikumbutsa kuti chimbudzi chochepa kwambiri, chosaoneka ndi maso, chikalowa m'madzi akumwa n'chokwanira kugwetsa banja. Madzi osambitsira mwana wotsekula m'mimba, kapena onyikamo matewera, ali nacho chimbudzi chimenecho.

Kupewa kwake sikufuna ndalama zambiri. Pakhale chokolowekapo kamutu ka shawa pamwamba pa mlomo wa bafa, ndipo aliyense wa m'nyumba azolowere kukabwezera pomwepo akatha kusamba. Paipi isakhale yaitali kuposa mmene ifunikira. Mmisiri aike valavu yoletsa madzi kubwerera pamene paipi yofewa ilumikizana ndi mpopi; m'funseni za valavu imeneyi ndi kuiona ndi maso anu, chifukwa ambiri saiika pokhapokha atauzidwa. Madzi akasiya, zungulirani nyumba ndi kutseka mipopi yonse. Akabwera, tayani oyamba kufikira atayera, ndipo akumwa muwawiritse kapena muwathire mankhwala a klorini.

Madzi otentha

Khungu la mwana ndi lopyapyala kuposa la wamkulu, ndipo limapsa msanga ndiponso mozama. Madzi otentha madigiri 60, amene ndiwo muyeso wa magiza ambiri, angathe kuwaula mwana koopsa pa sekondi imodzi yokha. Oyenera kusambitsira mwana ndi a madigiri 37 kapena 38, ofanana ndi kutentha kwa thupi. Popeza sitikhala ndi choyezera m'nyumba, yesani ndi chigongono. Dzanja la mayi lazolowera moto ndi mapoto, limanama. Pa chigongono madzi amveke ofunda chabe.

Shawa ili ndi ngozi ina imene bafa lilibe. Madzi a m'bafa mukawayesa kamodzi amakhala momwemo, kapena kuzizirirapo. A shawa amasintha ali kutuluka. Wina akatsegula mpopi kukhitchini, kapena kugujumula chimbudzi, madzi ozizira amachepa mwadzidzidzi ndipo otsalawo amakhala otentha. Izi zimachitika kwambiri m'nyumba zimene madzi ozizira ndi otentha amabwera ndi mphamvu zosiyana. Choncho tsegulani ozizira poyamba, otentha pambuyo. Potseka yambani ndi otentha. Posambitsa mwana dzanja lanu likhale pakati pa kamutu ndi khungu lake nthawi yonse, kuti madzi akasintha mumve ndinu. Ulipo mpopi wina wosakaniza umene umachepetsa wokha madzi otentha pamene ozizira achepa. Ndi wodulirapo, koma m'nyumba ya giza ndi ana aang'ono ndi woyenera mtengo wake.

Mwana akapsa, m'thireni madzi ozizira oyera pamalopo kwa mphindi 20, vulani chovala chonyowa ngati sichinamatirire, phimbani ndi nsalu yoyera, ndipo pitani naye kuchipatala. Musapakepo dzira, mafuta, mankhwala otsukira mano kapena dothi, ndipo musaphulitse matuza.

Masiku ano kuli timitu ta shawa totenthetsa madzi ndi magetsi pompopompo. Kamutu kotere kaikidwe ndi mmisiri wa magetsi wovomerezeka, ndi waya wake wopita pansi. Mukamva kunyerenyesa pogwira mpopi kapena bafa lachitsulo, zimitsani magetsi ndipo wina asasambemo kufikira mmisiri atafika. Ndiponso m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi musalowetse mbaula m'chipinda chosambira chotseka pofuna kufunditsa mwana. Mpweya wa makala ulibe fungo, ndipo umakomola.

Khanda lisaikidwe pansi pa shawa

Mwana wongobadwa kumene asasambitsidwe kufikira patapita maola 24, kuti asazizidwe. Pambuyo pake, mpaka mchombo utagwa ndi kuuma, kum'pukuta ndi kansalu koyera konyowa n'kokwanira. Akakula pang'ono asambire m'beseni lakelake, ndi madzi ochepa oyesedwa kale. Shawa ya m'manja muyambe kuigwiritsa ntchito mwana atayamba kukhala yekha osagwa, ndipo madzi azituluka pang'onopang'ono. Shawa yapamwamba idikire kufikira atatha kuima nji ndi kumva mukamuuza kuti atseke maso.

Mwana wamng'ono angathe kumira m'madzi akuya masentimita 5 okha, osafika ngakhale kutalika kwa chala chanu. Mutu wake ndi wolemera poyerekeza ndi thupi. Akagwa chafufumimba sadzuka, ndipo salira, sakuwa, sathovola madzi. Amayi amene anaonapo tsoka limeneli amanena mawu amodzimodzi, kuti anangotuluka pang'ono. Apa shawa ili ndi ubwino woonekeratu, pakuti posamba ndi shawa chotsekera pansi pa bafa chimakhala chochotsa, ndipo madzi sakhala. Chichotseni mwana asanalowe, muchiike patali pamene iye safika. Ngakhale zili choncho, wina akaodira pakhomo kapena lamya ikalira, m'kulungeni mwana m'chitenje mupite naye. Musam'siye ndi mkulu wake wa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Ameneyo ndi mwananso.

Ndidziwa kuti kumene madzi amasiyasiya mabanja ambiri amadzaza bafa kuti likhale nkhokwe. Ndikuona chifukwa chake, koma m'nyumba ya mwana wokwawa chizolowezi chimenechi chimandiopsa kuposa china chilichonse chimene ndalemba pano. Sungani madzi m'zigubu kapena mu mgolo wa chivundikiro cholimba. Ngati palibe kuchitira mwina, chitseko cha chipindacho chikhale ndi loko kapena kampiringidzo pamwamba pamene mwana safika, ndipo chizitsekedwa nthawi iliyonse munthu akatuluka.

Madzi akuda apite kuti?

Kunsi kwa bafa kuyenera kukhala paipi yopindika ngati chilembo cha U, imene imasunga madzi pang'ono kuti fungo ndi mphemvu zisakwere kuchokera ku ngalande. Mukaona kuti posamba madzi akufika m'akakolo, ndiye kuti tsitsi ndi sopo zatseka pamenepo. Zichotseni msanga, pakuti bafa losataya madzi labwerera ku vuto lija tinayamba nalo.

M'nyumba zosalumikizidwa ku mapaipi a zonyansa, ndiponso m'tinyumba tosambira ta panja, madzi asangotayikira kuseri kwa mpanda. Chithaphwi chosauma chimaswa udzudzu, umene m'nyengo yotentha umakula kuchoka pa dzira kufika pouluka m'masiku 7 mpaka 10, ndipo ana ndi abakha amasewera m'matope omwewo. Kumbani dzenje la mita imodzi m'lifupi ndi mita imodzi kuya, mulidzaze miyala kapena zidutswa za njerwa, zikuluzikulu pansi ndi zing'onozing'ono pamwamba. Paipi yochokera ku bafa ilowe pakati pa miyalayo, ndipo pamwamba muphimbe ndi lata lakale ndi dothi. Dzenjeli likhale patali mamita angapo kuchoka pa maziko a nyumba, ndiponso mamita 30 kapena kuposa kuchoka pa chitsime, chakumunsi kwake. Pa dothi la makande, limene silimwa madzi msanga, ndi bwino kukumba kangalande kosaya kopita pa phando la nthochi.

Kusamala kamutu

Timabowo ta kamutu timatsekeka ndi mchere woyera wa m'madzi, makamaka madzi a pa mjigo. Kamodzi pa mwezi kamasuleni, mukanyike m'viniga kapena m'madzi a mandimu kwa maola angapo, mukatsuke ndi kaburashi, ndi kutokosa timabowo ndi singano. Paipi yofewa muiimike kuti madzi otsalira atuluke. Ndowa ya shawa ikhuthulidwe ndi kuvundikirika mukatha kusamba.

Chifukwa cha ukhondo umenewu si kukongola kokha. M'chaka cha 1976 anthu oposa 180 amene anasonkhana pa hotela ina mu mzinda wa Philadelphia ku America anadwala chibayo chachilendo, ndipo 29 mwa iwo anamwalira. M'chaka chotsatira akatswiri anapeza kachirombo kake, kamene anakatcha Legionella. Pa hotelapo kanachokera m'makina oziziritsa mpweya, koma pambuyo pake kanapezekanso m'matanki a madzi ofunda ndi m'timitu ta shawa. Kamaswana m'madzi okhalitsa a madigiri 20 mpaka 45, ndipo munthu amakatenga popuma nthunzi ya timadontho ting'onoting'ono. Kamavutitsa makamaka okalamba, osuta fodya ndi amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika. Ndicho chifukwa chake giza siyenera kutsitsidwa kuti madzi ake akhale ofunda chabe. Isunge madigiri 60, ndipo kuziziritsa kuchitikire pa mpopi. Mukabwera ku ulendo wa sabata imodzi kapena kuposa, tsegulani zenera, tulutsani ana, ndi kusiya shawa ithire madzi otentha kwa mphindi zingapo munthu asanasambe.

Chotsiriza chikhudza mabafa achitsulo akale aja. Choyera chonyezimira chimene anakutira ena mwa iwo chili ndi mtovu, umene umawononga ubongo wa mwana ukalowa m'thupi pang'onopang'ono. Bafa losupuka kapena lofumbuka m'kati musalipale ndi sandipepa m'nyumba, musasungiremo madzi akumwa, ndipo mwana asamwe madzi ake kapena kukhalitsamo akusewera. Pa bafa lotere yalani mphasa ya labala ndi kusambitsa mwana ndi shawa ya m'manja, chotsekera chili chochotsa. Ngati mufuna kuti wina adzaone bafa lanu, kapena akuthandizeni kusankha malo a dzenje, uzani alangizi a za umoyo pa tsiku la sikelo, muwatchulire mudzi kapena nambala ya nyumba, ndiponso kumene kuli chitsime chapafupi.